Atelala opanda chifu

Atelala a khomo loyandikana ndi lathu alibe chifu. Madokotala anachichotsa chonse atawapeza ndi khansa ya mtundu wosowa, yofalikira msanga koma mobisala. Masiku ano amadyera m'kasosala, pang'onopang'ono ngati mwanapiye, ndipo aliyense wodzasoketsa amafunsidwa funso limodzimodzi: "Nanga chakudyachi chimakafikira pati?" Inenso ndimangokanda kumutu.

Pa ntchito yawo ali ndi lamulo lomwe sasintha: chovala chosang'ambika sachikhudza ndi lumo. N'chifukwa chake achipatala awazunguza mutu. Akuti khansayi ndi yakumtundu, ndiyo inatenganso mlongo wa atelalawo isanadziwike n'komwe. Atamuyeza mwana wawo wamkazi, anapeza kuti anatengera magazi omwewo. Sakudwala, koma akuti ndi bwino naye amuchotseretu chifu.

Tsiku lina masana anandiitana kuti ndidzaone mwanayo akudya. Anamudzazira mbale, maso awo ali pakamwa pake.

"Aneba, mwaona?" anandinong'oneza. "Wodwala amadya chonchi? Changa anachotsa chifukwa chinaonongeka. Nanga chakechi chalakwanji?"

Koma mwanayo anamva, ndipo anaika supuni pansi.

"Bambo, adokotala akudikira yankho. Inuyo mukuti nditani?"

Atelala anayang'ana kasosala kawo, anayang'ananso mbale ya mwana wawo. Kenaka anakoka poto n'kumuonjezera chakudya.

"Yamba wadya, mwanawe."