Bokosi la a Gwanda lomva miseche

Ku Area 25 kuno kunamveka kuti a Gwanda ali ndi bokosi lomva miseche. Ankati mukangowatchula mowanyoza, ngakhale monong'ona, jenereta ya kuseri kwa nyumba yawo imadzilizira yokha, masanasana, magetsi ali chiyakire. Ena ankati m'bokosimo anatsekeramo mphwawo amene anasowera ku Joni. Za mphwayo ife tinkakana, mnyamata uja anali wonenepa, sakanakwanamo. Koma zomva misechezo, eee, tikamadutsa pageti pawo tinkatsitsako mawu.

A Gwanda kwawo ndi ku Ntcheu. Anayendetsa thiraki kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi linatsetserekera kunkhongo. Popuma ntchito anabwera ndi zinthu ziwiri, msana wowawa ndi jenereta. Munthu samufuna. Moni amayankha ngati mwawaponda chala, ndipo mpira wa ana ukagwera kumpanda kwawo umabwerako uli pawiri. Akazi awo atamwalira anaikitsa pakhoma bokosi lija, loti magetsi akathima lizidzutsa jenereta, akabwera liziigoneka. Cholinga sichinali kuthandiza wina ayi. Ankafuna kuti layini yonse ikathimiridwa, iwo azionera mpira chitseko chili pululu, osaitana munthu.

Amene anawafewetsako ndi mayi Jemima, namfedwa wa ku Dedza wogulitsa zitenje kumsika wa Nsungwi. A Gwanda anayamba kusita malaya. Ankhoswe anakumana, kunangotsala kutchula tsiku la ukwati. Apa m'pamene bokosi linayamba misala yake. Mbiri itafika kwa alongo ake a mayiwo, anatumiza mawu oti m'bale wawo sakalowa m'nyumba imene zitsulo zimamva Chichewa. Akonze kaye, apo ayi za ukwati aiwale.

A Gwanda anaitana Ephraim wamagetsi. Anabwera Lolemba, anayesa batire, anamanga mawaya, anapukuta fumbi, anathimitsa swichi yaikulu n'kuyatsanso. Bokosi linachita zonse mwaulemu ngati mwana wa Sande sukulu. Ephraim atanena kuti sakuona vuto, a Gwanda anamuuza kuti akakonze matochi kumudzi kwawo, n'kumukankhira kunja kwa geti. Loweruka jenereta inabangula kuposa kale.

A Gwanda ali chitukwanire pabalaza, anaona kanthu. Babu linkayamba lafooka n'kufiira, kenako m'bokosi munkamveka kha, ndiye jenereta n'kudzuka. Anamuitananso Ephraim, amene anabwera atatupa ngati finye. Ataika mita yake anati magetsi sakuthima, akungotsika mphamvu, ndiye bokosi likumayesa kuti apita. Anati pali wina pa waya womwewo amene akukoka kwambiri.

A Gwanda anautsata wayawo ndi maso, kuchoka padenga pawo kukafika papholo, kuchoka papholo kutsikira pa saluni ya Monalisa. Ameneyu ndi mdani wawo wakalekale, nkhani yake ya madzi a sopo amene amatayira m'ngalande yodutsa pageti pawo. Saluniyo satsegula Lolemba, ndipo miseche yonse ya layini yathu imaphikidwa m'menemo.

A Gwanda anakaima pawindo la saluniyo. M'kati azimayi anali atalowetsa mitu m'madiraya oumitsira tsitsi, ndipo poti chinthu chija chimasokosa m'makutu, munthu amakuwa osadziwa kuti akukuwa. Wapakati ankanena kuti chidala cha jenereta chija n'chouma mtima, m'kamwa mumanunkha dizilo, koma nyumba ndiye ili bwino, ndipo ndi msana umene uja sichikhalitsa. Kuseri kwa mpanda jenereta inali ikuvomereza.

Monalisa anawaona. "Mwabwera kudzaluka chiyani, madala, dazilo?"

"Thimitsa zimenezo, iwe."

"Magetsiwa ndi a bambo anu?"

A Gwanda anangolowa n'kuzula pulagi. Madiraya anakhala chete, posakhalitsa nayo jenereta inakhala chete. Wapakati uja anatulutsa mutu kuti aone amene wathimitsa. Anali mayi Jemima, tsitsi lili m'maphini.

"Pitirizani, mayi," anatero a Gwanda. "Za msana wanga mumati bwanji?"

Mayiwo anabwezera mutu m'diraya yozimayo, n'kungokhala momwemo.

Madzulo ake Ephraim anapotokola kanati m'bokosi kuti lisamadzidzimuke mphamvu ikangotsika pang'ono, ndipo jenereta inasiya misala. A ku Dedza atamva kuti chitsulo chachira, anatumiza mawu oti tsopano tsiku likhoza kutchulidwa. A Gwanda anawabwezera kuti akalitchulire agogo awo. Malaya asiya kusita, moni wabwerera pakale, ndipo dzana mwana wa a Yohane oyandikana nawo watola mpira wake uli pawiri.

M'bokosi muja mulibe mphwawo, ndipo silimva miseche. Linkamva madiraya a Monalisa.