Batani la a Lefina pa Msewu wa Malole

A Lefina Mphepo anakulira m'zigafa za fodya kwa Kaomba. Maso awo anayamba kufa ali ndi ana atatu kale, koma zala sizinasiye ntchito. Tsamba akangoligwira ankadziwa ngati lauma bwino kapena lidakali ndi chinyezi. Amuna awo atamwalira, anasamukira pa katauni ka m'mbali mwa msewu wa tala, n'kuyamba kugulitsa mtedza wokazinga pakhonde la sitolo ya a Kasimu.

Nyumba yawo inali tsidya lina la msewu. Nyengo yogulitsa fodya malole ankadutsa mondondozana, ndipo a Lefina ankaima ndi ndodo yawo yoyera kudikira wowagwira dzanja. Kwa mayi amene analera ana payekha, zimenezi zinkapweteka mtima.

Kenaka bungwe lina linaika maloboti powolokerapo, pamodzi ndi batani loti munthu akadina magalimoto aime, kabelu n'kulira. Koma batanilo linali laling'ono ndi losalala, moti a Lefina ankapapasa mzati wonse asanalipeze. Fumbi linalowamo, mvula yoyamba n'kudzalimaliza.

Iwo sanangodandaulira pakhonde. Anapempha a Kasimu kuti aimbe foni ku bungwelo, ndipo kunabwera injiniya wina, a Tobias. Iwowa anati kwina mabataniwo afanso chimodzimodzi, choncho akufuna munthu woyesa atsopano. Mabatani atsopanowo anawayala pabenchi, a Lefina n'kumawagwira limodzilimodzi. Lina anati n'lolimba, nkhalamba singalidine. Lina linali ndi mpata m'mbali, polowera madzi. Anasankha lalikulu ngati chikhatho, lokhala ndi muvi wotukuka wolozera kowolokera. A Tobias anawauza kuti m'kati mwake ndi motsekedwa ndi labala, fumbi silingalowe.

A Lefina anapemphanso kuti liikidwe m'munsi, kuti a Wyson osoka nsapato, omwe amayenda pa njinga ya anthu aulumali, azilifikira.

"Chinanso, malole akamabangula kabelu sikamveka," anatero. "Lizinjenjemera m'dzanja nthawi yowoloka ikakwana."

A Tobias anati zimenezo n'zotheka, ndipo anakazichitadi.

Tsiku limene analiika, a Kasimu anatuluka kuti awaperekeze a Lefina monga mwa masiku onse.

"Bwererani, a Kasimu, makasitomala akudikira," anatero a Lefina.

Anadina, n'kusiya chikhatho pamenepo. Batani litanjenjemera, anamva lole yodzaza mabelo ikuima, ndipo anawoloka mosathamanga, beseni la mtedza lili pamutu. A Wyson ankawatsatira pambuyo, akuseka.

Mvula yagwa zaka zingapo tsopano, batanilo likugwirabe ntchito. M'mawa uliwonse a Lefina amalipukuta ndi nsonga ya chitenje, ndipo ana asukulu akamalimenya mosewera amawadzudzula ngati akuononga katundu wa m'nyumba mwawo. Anthu a pamalopo amalitcha batani la a Lefina. Iwo akamva, satsutsa.