Magazi a Ng'ombe Zanga za Malowolo

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba loyamba la Malichi, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi. Lachiwiri linatsatira titakolola mpunga. Makope ake ndili nawo, pamodzi ndi khadi la kudibi losonyeza kuti ng'ombe zanga sizinajombepo.

Kwathu ku Wovwe, mvula ikachuluka ndipo udzudzu ukaswana m'minda ya mpunga, ng'ombe zimagwidwa matenda amene timati a masiku atatu. Thupi limatentha, miyendo imauma, dovu chuchuchu, mkaka umaphwa. Zambiri zimadzuka zokha. Tonse tinkadziwa kuti ng'ombe imene yadwalapo siidwalanso msanga, choncho pa malowolo ng'ombe yotere inkalandiridwa ndi manja awiri.

Mwana wanga wamwamuna atapeza mbeta ku Sangilo, ndinasankha ng'ombe zazikazi zimene ndinazidwazika ndekha zili mathole. Ndinanena pamaso pa ankhoswe kuti zonsezo zinadwalapo kale. Ndinanena zoona, ndipo ndikubwerezanso lero.

Dzinja lotsatira zonse zinagona pansi m'khola la asewere anga, bambo ake a mtsikanayo. Imodzi, imene inali ndi bere, siinadzukenso. Asewere anafika kwathu pa njinga, n'kuyamba kundifunsa osatsika n'komwe.

"Asewere, zija munkati zinadwalapo zija, zinadwalira kutulo?"

"Tsikani kaye mukhale pansi, asewere."

"Ndikhale pansi ngati ng'ombe zanuzo? Ine ndine msodzi, inde, koma musandione ngati usipa."

Sabata yomweyo anadzatenga mwana wawo, ali ndi khanda kumsana, nati mpongozi wangayo adzabwerera ndikadzavomera pagulu kuti ndinanama.

Ndinapita kwa mlangizi wa ziweto, mnyamata waulemu wochokera m'chigawo chapakati. Tinakwera limodzi basi mpaka ku Sangilo, ndipo anatenga magazi a ng'ombe zodwalazo m'timabotolo. Pobwerera anandifotokozera kuti matendawa sabwera ndi nkhupakupa, ndiye dibi siliwaletsa. Amabwera ndi tizilombo touluka toluma, timene mphepo imatha kutibweretsa kuchokera kutali.

"Bambo, kachilombo ka matendawa nakonso kamaberekana," anatero. "Mwina mdzukulu wake safanana kwenikweni ndi gogo wake. Thupi la ng'ombe limadziwa gogoyo, mdzukulu n'kulowa ngati mlendo. Koma ine sindingalumbire. Akayeze magaziwa akuluakulu."

Mawu amenewa ndinakawauza asewere. Anaseka mpaka kutsokomola. "Tsono matenda nawonso ali ndi adzukulu? Ndibweretsereni pepala la boma lokhala ndi chidindo."

Mlangizi uja anasamutsidwa chaka chomwecho. Ku ofesi kumene anatumiza timabotolo tija ankangondiuza kuti ndibwere mwezi wamawa. Kalaliki wina anandinong'oneza kuti masiku ano munthu wofunsafunsa amaoneka ngati wotsutsa boma. Ndinamuonetsa khadi langa la chipani, n'kumuuza kuti ndikufunsa za ng'ombe basi.

Mdzukulu wanga tsopano akuyenda, ndipo akuyankhula osandidziwa. Mwana wanga amadya kwa amayi ake ngati mnyamata wosakwatira.

Choncho ine mwini ng'ombe zija ndikupempha mwaulemu akuluakulu oona za ziweto kuti andiyankhe molemba, ndi chidindo, ngati matenda amene anapezeka m'magazi aja anali akale omwe aja kapena osinthika, kuti ndikawerenge yankholo pamaso pa asewere ndi ankhoswe, mpongozi wanga abwerere kunyumba kwake.