Mimba imene tinabisa

Mkazi wanga anapita padera kawiri. Kachiwiriko ndinathamanga naye pa njinga mpaka kuchipatala ku Chiringa, magazi akudontha m'njira monse. Choncho ataimanso, tinapangana kuti pasapezeke wodziwa, ngakhale amayi ake. Kwathu kuno mimba ikakhala yaing'ono sitiilengeza. Amati ukaulula msanga, wa mtima woipa amaimanga, ndipo iye ankakhulupirira kuti ziwiri zija zinapita chifukwa cha pakamwa pa anthu. Ine sukulu ndinafika Fomu 4, zoti malungo amachititsa padera ndinkazidziwa, koma sindinamutsutse. Amene anataya magazi ndi iyeyo, osati ine.

Kuchipatala anamulowetsa m'kafukufuku wofufuza chimene chimachititsa amayi kupita padera kapena kubereka ana osakwana masiku. Ankamuyeza magazi ndi malungo. Akalephera kupita, namwino wa kafukufukuyo ankabwera yekha kunyumba pa njinga yamoto, atamangirira kabokosi kozizira kumbuyo. Tinamupempha kuti asamauze munthu chimene amadzera.

Inali nthawi ija mphekesera za anamapopa zinagwira dera lonse. Tsiku lina masana ndikuchokera kudimba, ndinamva malikhweru ndi phokoso pakhomo panga. Ndinapeza namwino uja ali pansi pafupi ndi nkhokwe, mlomo utang'ambika, njinga itagwa cham'mbali, gulu la anthu onyamula zibonga litamuzungulira. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anali atakweza m'mwamba kabotolo.

"Taonani! Magazi a mlongo wanga awa!"

"Alamu, msiyeni munthuyo," ndinatero.

"Mkamwininso amalankhula pamudzi pano? Kapena unamuitana ndiwe, galu iwe?"

Khasu linali paphewa. Ndinamusasantha ndi mpini pamkono, ndinamva fupa likuti thyo, kabotolo n'kuswekera pa mwala. Wina anandigenda ndi chiduka cha njerwa pamphumi, magazi n'kuphimba diso limodzi. Ndinaima tang'a pamwamba pa namwino, khasu ndikulizunguza.

"Amene watopa ndi moyo ayambe kubwera!"

Koma anali ambiri. Mnzanga amene ndinkapita naye kukagula matemba ku Chilwa ndiye anali kutsegula thanki ya njinga ija, akukuwa kuti abweretse machesi. Fungo la petulo linandifika m'mphuno.

"Asisita, auzeni chimene mwadzera! Akuotchani awa!" ndinamukuwira namwino.

Analavula magazi. "Si nkhani yanga, bambo. Ndinalonjeza."

Ndinamutukwana, ngakhale ndinkamuteteza. Ine mwini mawu anali pakhosi, koma nanenso ndinali nditalumbira. Ndinangoyang'ana kukhomo.

Mkazi wanga anatuluka. Anadutsa pakati pa zibonga zija osayang'ana munthu, n'kukaima pamaso pa amayi ake, amenenso anali atanyamula mwala. Anamasula chitenje, n'kugwira dzanja lawo lina kuliika pamimba.

"Amayi, gwirani apa. Ndili ndi pakati. Akumandiyeza kuti uyu asapite ngati anzake aja." Kenaka anatembenukira gulu. "Mwamva nonse tsopano. Wofuna kumanga amange."

Apongozi anga anaponya mwala pansi. Anayamba ndi iwo, amayi ena n'kutsatira: "Amuna chokani! Zimenezi si zanu. Opanda manyazi inu, mukuyang'ana chiyani?" Anthu amene khasu langa linalephera kuwabweza anabalalika chifukwa cha mimba yoonekera poyera. Wa machesi uja anathawa atayang'ana kumbali.

Namwino tinamuperekeza pa kabaza, ndipo sanabwerenso. Ndani akanamuimba mlandu? Mkazi wanga analira sabata yathunthu, akuti mwana wapita basi, aliyense wadziwa. Sikelo zonse zotsala ndinkamupalasira ndekha, chipsera chili pamphumi, aliyense wondipatsa moni m'njira ndikumuyang'ana ngati mfiti.

Mwana anabadwa wamkazi, wochepa thupi, koma analira mokweza. Lero ali pasukulu. Mlamu wanga mkono uja unapola mokhota, ndipo mwanayo amamunyamula ndi wamanzere. Ine ndi iye sitilankhulana mpaka pano.