Tambala Wopepesera Asebele

Ukwati wa mwana wanga unatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha chala changa chimodzi, chamkombaphala cha kudzanja lamanja. Ankhoswe a kuchimuna anali atatsala pang'ono kufika pakhomo pathu pamene chalachi chinachita zake.

Ine sukulu ndinalekezera giledi seveni, ndipo ukulu wanga wonse ndakhala ndikukonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Kapata. Koma kuwerenga kunandigwira ngati matenda. Mabuku ndimagula pamsika, aja amaunjikidwa pansi pafupi ndi nsapato zakale za salaula, ena opanda chikuto, ena opanda mathero. Buku langa lalikulu la mbiri ya dziko lino limathera pakati pa chiganizo azungu akadali pampando, poti masamba otsalawo anakulungira zitumbuwa. Za ufulu wathu ndinachita kumva kwa anthu.

Mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa, ndi nesi ku Mangalande. Kumeneko anapezana ndi mnyamata wa kuno kwathu ku Zambia, ndipo tinkangomudziwa pachithunzi. Mwanayo ndi amene anandigulira foni yopalasa ndi chala, n'kundilowetsa m'gulupu la pafoni la anthu akwathu okhala kunja.

"Atate, muzicheza ndi anzanu okonda mbiri, amayi apumeko," anatero.

Amayi ake anavomereza msanga kuposa mmene ndinkayembekezera.

Gulupulo linayambika kuti anthu azithandizana pa maliro, koma pamene ndinkalowa n'kuti litasanduka bwalo la milandu ya atsamunda. M'mawa ndikayatsa foni, mauthenga ankagwa ngati matalala, ochokera ku Mangalande, ku Joni, ku Amereka. Wina akuti azungu anatilanda minda yachonde n'kubzalapo fodya, makolo athu n'kuwakankhira kumiyala. Wina n'kumufunsa kuti, "Nanga iwe ukufunako chiyani kwawoko?" Woyambayo n'kuyankha kuti, "Ndabwera kudzatenga zathu." Wachitatu n'kukumbutsa kuti Angoni nawonso anachita kubwera ndi nthungo kuchokera kumwera, Achewa kuchokera kumpoto, ndiye mwini dziko ndani? Moto ukakula, mayi wina wa ku Amereka ankaponyapo vesi ndi chithunzi cha maluwa, koma anthu ankangolumpha ngati chithaphwi.

Ndinaona kuti otukwana azungu kwambiri ndi amene ankakhala pakhomo pa azunguwo, akulemba atadzikuta m'majekete, pomwe dothi limene ankalimbiranalo wolipondadi ndinali ine. Zimenezi zinandipatsa matama. Ndinayamba kulemba nanenso, magalasi ali pamphuno, njinga ya kasitomala ili chagada, mwini wake akutsokomola mondikumbutsa. Ena anayamba kunditcha Profesa wa ku Kapata. Ndinkadziwa kuti mwina akundiseka, koma dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri.

Wotsutsana nane wamkulu anali bambo wina wa ku Mangalande. Dzina lake silinkaoneka, ndipo pamalo pa nkhope anaikapo chithunzi cha galimoto yofiira. Iyeyu ankati tisamangolira, atsamunda anatisiyira njanji, zipatala ndi sukulu, ndipo opita ku migodi kale ankafuna moyo wabwino monga iye anachitira pokwera ndege. Chinyanja chake chinali chotsimphina, ndipo mkangano ukatentha ankagwera m'Chibemba. Tsiku lina anatchula kuti anakulira ku Kitwe. Ndinaomba m'manja ndili ndekha. Mbemba!

Kwa ife a kum'mawa kwa Zambia, Mbemba ndi mbuya. Makolo a Angoni ndi a Abemba anamenyana kalekale mpaka kutopa, nkhondoyo n'kusanduka nthabwala. Mbuya wako ungamunene chilichonse, ngakhale pamaliro, iye n'kukubwezera, popanda mlandu. Ine ndine Mchewa, makolo anga nkhondo imeneyo anaionera kuphiri kumene anabisala, koma pa chimbuya tonse timasanduka Angoni.

Ndiye ndinamasula pakamwa. "Mbuya, inu odya anyani mungadziwe chiyani za mbiri? Njanji mukuitamayo inangodutsa kwanu kukanyamula mkuwa, inu muli m'mitengo kusaka ndiwo."

Anthu anaseka, tinkhope togwetsa misozi tili mbwee. Iye sanandibwezere za mbewa zimene timadya kuno, monga Mbemba aliyense akanachitira asanapume n'komwe. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa. Ine ndinangoti ndamugonjetsa.

Tsiku latsoka nkhani inali ya machona, amuna aja ankapita ku migodi kukafuna ndalama ya msonkho wa atsamunda, osabwereranso. Dzulo lake ndinali nditalemba ndekha, m'ndime zitatu, kuti machona analibe mlandu, wolakwa anali msonkho. Koma wa galimoto yofiira atalemba kuti anthu amenewo tisawaweruze, ndinaona kuti tikugwirizana, ndipo zimenezo sindinazikonde. Ndinatembenuka ngati tayala.

"Mchona ndi munthu wothawa khasu," ndinalemba. "Anasiya mkazi ndi mwana pakhomo n'kukatsata mabanzi ndi akazi a m'tauni. Ana a anthu otero ndi amene lero sadziwa kwawo, mbuya." Ndinaikapo ndi kachithunzi ka nyani.

Posakhalitsa pansi panatuluka timawu tonena kuti munthuyo watuluka m'gulupu. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Loweruka masana mwana wanga anaimba foni. Moni sanapereke.

"Atate, mwachita chiyani?"

"Ndaphunzitsako Mbemba mbiri, mwanangu."

"Si Mbemba! Ndi atate ake a mnzanga uja. Apongozi anga!"

Ndinafuna pokhala, n'kupeza kuti ndakhala kale.

"Ine gulupulo ndinasiya kuwerenga kalekale," anapitiriza. "Iwo anaonetsa mwana wawo zimene munalemba, iye n'kuzindikira nkhope yanu pachithunzi, muli ndi sipanala m'manja."

"Nanga Chibemba chija?"

"Anabadwira ku Kitwe. Atate awo anachokera ku Chipangali, anapita ku migodi osabwereranso. Iwo kumudziko sanapondeko chibadwire."

Ndinayesa kakhomo komaliza. Abemba amatsata kwa mayi ngati ife, ndiye mayi akakhala Mbemba, mlandu ukanachepako.

"Amayi awo sanali Mbemba?"

"Ayi atate, anali Mlamba, mtundu wina."

Kakhomo kanatsekeka.

"Anena kuti ankhoswe ayambe adikira," anatero. "Akuti aganize kaye ngati mwana wawo angalowe m'banja limene limawaona ngati anyani osadziwa kwawo." Anadula foni.

Mkazi wanga anamva zonse ali pakhonde akuswa mtedza. Sanakweze mawu.

"A Profesa," anatero, ndipo dzinalo silinandikomerenso, "mabuku onse aja palibe limene linakuuzani kuti munthu umayamba wamufunsa mfunda usanamutukwane?"

Ndinati ndilemba kalata yopepesa, ya Chingelezi chosalala.

"Chalakwitsa ndi kulemba, inu mukufuna kulembanso? Wolakwira asebele amagwira nkhuku."

"Nkhuku ikwera ndege, mayi?"

"Munthuyo ali ndi kwawo. Si inu munati sakudziwa? Pitani mukakupeze."

Mkamwini wanga wam'tsogoloyo anandithandiza mwakachetechete. Ankadziwa dzina la mudzi, la kamtsinje, ndi dzina laubwana la agogo ake, lija anali nalo kapitawo wa kumgodi asanawapatse lina losavuta kutchula. Tinapangana tsiku ndi nthawi yoti adzakhale pafupi ndi atate ake, foni ili m'manja. Mwana wanga anandichenjeza kuti ndikakawonjezera moto ndisadzamuimbirenso.

Ndinatseka ntchito n'kukwera galimoto ya ku Chipangali, tambala woyera wa mkazi wanga ali m'khwapa. Tisanafike n'komwe pakati anali ataipitsa buluku langa la kutchalitchi. Sindinadandaule, ndinaona kuti n'chilungamo.

Ndinafunsa pachigayo, anandilozera kwa katekisiti. Katekisitiyo anakanda mutu, n'kundiperekeza kudutsa minda ya thonje mpaka pakhomo pa mayi wina wamtali, wamkulu kwa ine, amene ankapeta mtedza. Ndinagwada, tinalonjerana, n'kutchula dzina laubwana lija.

"Amenewo ndi atate anga," anatero osasiya kupeta. "Anapita kukagula bulangete ine ndili kumsana. Mwabwera nalo?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa galimoto yofiira mpaka pa kachithunzi ka nyani. Za gulupu zinawavuta kumvetsa. Anafunsa ngati anthu amenewo alibe minda. Koma nditabwereza mawu anga onena za machona, anaika lichero pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye inu munanena zoona, n'kubwera kudzapepesa?"

"Zoonazo n'zimene zalakwa, mayi."

"Ndipo mukuti ndili ndi mlongo kwa azungu? Wonenepa?"

"Sindinamuonepo. Ndimangodziwa galimoto yake."

Netiweki pamudzipo imapezeka pachulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe basi. Nthawi itakwana tinakwera atatu, ine, mayiwo ndi tambala, anthu a m'mudzi atazungulira pansi ngati pali msonkhano wa feteleza. Foni inalira, kenaka panaoneka nkhope ya bambo wa imvi, wa magalasi, wofatsa ngati mphunzitsi wopuma ntchito. Sankafanana ndi galimoto yofiira ngakhale pang'ono, ndipo manyazi anga anawirikiza.

Kugwada pachulu, foni kudzanja lina tambala kwina, si masewera, koma ndinagwada.

"Asebele, ndinalakwa. Ndinakuyesani mbuya. Koma ngakhale mukanakhala mbuya, za atate anu zija ndinapyola malire. Mwana wanga alibe mlandu, wopusa ndine. Nkhuku yanu iyi, ndaibweretsa kwanu."

Anandiyang'ana mosasekerera. "Kwathu kuti?"

Ndisanayankhe, mayi aja anandilanda foni n'kuiyandikitsa mpaka pamphuno. Anayang'ana nthawi yaitali, akuipendeketsa uku ndi uku ngati akusankha mbuzi.

"Makutu ndi akwathu," anagamula. "Iwe, ndine mlongo wako wamkulu. Atate anakusiyira bulangete langa?"

Nkhope ya pafoniyo inangouma gwa. Ndinayesa netiweki yathawa, ndipo ndinayamba kuwauza mayiwo kuti akweze mkono. Kenaka tinaona bambowo akuvula magalasi. Analankhula pang'onopang'ono, m'Chinyanja chawo chotsimphina chija, kuti atate awo ankatchula mwana wamkazi amene anamusiya kumudzi, makamaka atayamba kudwala. Chaka chilichonse ankati apita chaka chamawa, mpaka manyazi anakula kuposa ulendo.

"Manyazi sitifunda," anatero mlongo wawo. "Kuno mwezi wa Juni kumazizira. Utumize."

Pansi pa chulu anthu anafa nacho chiseko. Bambowo nawonso anaseka kwinaku akupukuta m'maso. Anayamba kufunsana za amene ali moyo ndi amene anapita. Foni inatembenuzidwa kuti aone mtengo umene panali nyumba ya atate awo, kenaka adzukulu, kenaka ng'ombe, zimene mayiwo anazitchula imodziimodzi ngati nazonso ndi abale. Ine ndinali chigwadire, nyerere zitandipeza, osayerekeza kudzikanda.

Pamapeto pake anakumbukira kuti ndilipo.

"Tambalayu ndalandira ine m'malo mwako," mayiwo anauza mlongo wawo. "Ndikadya, mlandu watha."

"Alongo, wotukwanidwa ndine, wodya ndinu?"

"Ukafuna msuzi ubwere."

Anandibwezera foni. Bambowo anavalanso magalasi n'kundiyang'ana.

"Asebele," anatero, ndipo kanali koyamba kunditcha choncho, "dzukani, mungagwe. Ankhoswe abwera mwezi wamawa. Wotsogolera akhale mwana wa alongo angawa, poti ali pafupi ndipo pakhomo panu sasochera, angofunsa kwa Profesa."

Ankhoswe anabweradi, pa njinga ziwiri, ndipo imodzi ndinaikonza unyolo mwaulere. Mwana wanga anaimba foni, ulendo uno anayamba ndi moni.

Patapita masiku, asebele anabwerera m'gulupu. Uthenga wawo woyamba unali wakuti, zivute zitani, atsamunda anatisiyira misewu yabwino. Ine msana unali usanapole ndi msewu wa kumudzi kuja. Yankho linali kale kunsonga ya chala, lakuthwa, lokhala ndi mutu, thunthu ndi mchira. Nditacheuka ndinapeza mkazi wanga ataima kumbuyo kwanga, manja ali m'chiuno.

Ndinalemba kuti, "Mwanena bwino, asebele." Ndinatumiza, n'kutuluka panja kukapopa tayala lomwe linali lodzaza kale, mpaka linaphulika.