Dothi la pa Chitseko cha Mgolo

Wina akangotchula abambo Mbewe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la utsi wa zitsononkho ndi mafuta a nkhuku akudonthera pa makala, fungo lomwe linkadutsa mpanda wolekanitsa nyumba yawo ndi yathu ku Kawale n'kukakhala m'zovala zimene amayi anali atayanika. Komatu poyamba utsiwo sunali wawo. Unali wa akazi awo, amene tonse tinkawaitana kuti amake Tadala. Iwo ankawamba nkhuku mu mgolo woimika kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa kwa anthu a maukwati. Mgolowo unali ndi kachitseko m'mbali, kamene wowotcherera wina wa ku Biwi anadula. Abambo Mbewe anali kalaliki ku Kanengo. Ankachoka m'mawa atamanga taye, n'kubwera madzulo nkhuku zitapsa kale, moti za mgolowo ankangodziwa kukoma kwake.

Amake Tadala anamwalira ine ndili ku pulayimale, kutatsala miyezi yochepa kuti Tadala, mwana wawo wamkazi yekhayo, achite chinkhoswe. Anali atalonjeza akuchimuna kuti nkhuku zonse za tsikulo adzawamba okha, kuphatikizapo ija imene ankhoswe amanyemerana pamaso pa anthu. Maliro atatha, achibale anati bola kungogula zokazinga kale m'tauni. Abambo Mbewe anamvetsera mpaka aliyense atamaliza, kenako anayankha kuti nkhuku za Tadala zidzatuluka mu mgolo wa amayi ake.

Vuto linali chitseko. Chinali chitapindika ndi moto, moti chikatsekedwa pankatsala mpata woti chala n'kulowa. Loweruka lina atayesa ndi nkhuku imodzi, utsi unathawira pamenepo, mphepo n'kulowa, moto n'kukwera malawi. Nkhukuyo inapserera kunja m'kati muli magazi. M'mbali mwa khomo la mgolo munali zinthu zakuda zouma zomatirira, ndipo iwo anaganiza kuti ndi zotsalira za mphira amene akazi awo anaikapo kalekale.

Ku Kawale chilichonse chogwedera chinkamangidwa ndi malegeni, timizere ta chubu cha galimoto tija: thumba la makala pa njinga, paipi yodontha, mwendo wa mpando. Nawonso anagula malegeni kumsika n'kuzunguliza pa chitseko bwinobwino, mwaudongo ngati mmene ankamangira taye. Moto utagwira, mphira anasungunuka n'kuyenderera pa mgolo ngati phula, ndipo mzere wonse wa nyumba unadzaza fungo loti ngakhale agalu anasamuka. Abambo anga anasuzumira pa mpanda atagwira mphuno.

"Kodi achimwene, alendo a Tadala adzadya nkhuku kapena matayala?"

"Adzadya nkhuku," anatero abambo Mbewe. "Inuyo ndidzakusungirani tayala lakumbuyo."

Anakwirira m'dzenje nkhuku imene inali mu mgolomo, ndipo kuchokera tsikulo sanaikenso kanthu pa mgolo asanakayese. Akaweruka ankayatsa mbaula, kusanjikapo chilata, n'kuika pamwamba kachidutswa ka chimene abwera nacho. Mphira wa chitseko cha fuliji anafewa n'kutulutsa utsi woyabwa kukhosi. Thumba la ufa linakwinyika nthawi yomweyo. Bulangeti linanunkha tsitsi lopsa. Chingwe cha khonje chinawapatsa chiyembekezo, koma patapita nthawi chinada n'kuyamba kunyeka. Iwo ankangowerama pa mbaulapo, kununkhiza, kupukusa mutu, n'kukatayira chinthucho kutali. Ankati chimene chanunkha pa chilata chidzanunkhanso m'kamwa mwa mlendo. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale masiku ankatha ndipo achibale anali atayambiranso nkhani yogula zokazinga.

Nthawi yonseyi amayi anga anali kumudzi ku Dowa kokolola. Atabwera n'kumva zimene zinkachitika, anapita kukaona mgolowo, ine ndili pambuyo pawo.

"Bambo a Tadala, anzangatu sankaikapo chogula," anatero amayi. "Ankamata."

Anafotokoza kuti amake Tadala ankatenga dothi la pachulu, kulisakaniza ndi phulusa, n'kumata kuzungulira chitseko nkhuku zikalowa. Zikapsa ankaswa dothilo, ulendo wina n'kumatanso latsopano. Dothi silisungunuka, silinunkha, ndipo moto umangolilimbitsa. Kenako amayi analoza zinthu zakuda zija m'mbali mwa khomo. Sanali mphira. Linali dothi lomaliza limene amake Tadala anamata, ndipo munthu akayang'anitsitsa ankaona timigula ta zala zawo mmene ankakanikizira. Abambo Mbewe anagwada n'kuika chala chawo m'kamgula kamodzi. Sichinakwanemo.

Kumata, ngati kuzira, inali ntchito ya akazi, ndipo palibe amene anaonapo bambo wa mu ofesi akukanya dothi. Amayi anati asavutike, iwo ndi amayi anzawo a kutchalitchi adzabwera kudzamata.

"Zikomo, amake Yamikani," anatero abambo Mbewe kwa amayi anga. "Inu mungondionetsa. Manja akhale anga."

Dothi loyamba limene anamata linang'aluka moto utakula, utsi n'kumatuluka m'ming'alumo. Amayi anakumbuka kuti oumba mbiya kwawo amasinja mapale akale n'kusakaniza ndi dothi latsopano kuti lisang'aluke. Mapale panalibe. Abambo Mbewe analowa m'nyumba n'kubwera ndi mpeni ndi mbale. Anapala dothi lonse lakale lija pang'onopang'ono, akutola ngakhale tizidutswa togwera pansi, kenako analisinja mu mtondo n'kulithira mu latsopano. Abambo ena odutsa ankafunsa mwachipongwe ngati ntchito ya ku Kanengo yatha. Iwo ankangokweza dzanja lamatope, kupereka moni.

Tsiku loti mawa chinkhoswe anagwada pa mgolo atapinda manja a shati, akukanikiza dothi ndi zala kuzungulira chitseko chonse. Linauma osang'aluka. Utsi unkangotuluka pa kapaipi ka pamwamba, wopyapyala, wosathamanga, ndipo fungo lija tinalizolowera linabwereranso pa mzere wathu. Amayi ena anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo akununkhiza. Madzulo anaswa dothilo ndi msana wa mpeni, ndipo nkhuku zinatuluka zofiirira, zonyezimira, zitapsa mpaka pa fupa. Anadula kachidutswa n'kupatsa Tadala. Iye anatafuna nthawi yaitali, kenako ananena kuti amayi ake ankathira mchere wochulukirapo. Abambo Mbewe anavomera kuti n'zoona. Mawa lake ankhoswe ananyemerana nkhukuyo anthu akululutira, abambo Mbewe atakhala kutsogolo ndi taye, dothi likuonekerabe m'zikhadabo.

Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, n'kundisiyira mwana wamkazi amene ali ku sukulu ya mkaka. Timakhala ku Area 25. Mayi wina woyandikana nafe anati azimuluka tsitsi sabata iliyonse, koma ndinawapempha kuti andiphunzitse, ndipo anandiphunzitsa akuseka zala zanga. Loweruka masana ndimakhala pa khonde, mwana atakhala pakati pa miyendo yanga, ndili ndi chipeso ndi kabotolo ka mafuta. Mizere imakhota. Iye amandiuza kuti amayi ake sankakoka chonchi. Ndimamasula n'kuyambiranso.