Mbiri ya Armando Imene Ndinawerenga pa Manda

Mlongo wanga Armando anasewera mpira mpaka mawondo anakana, koma sanakhalitse mu ekipa, kapena kuti timu, iliyonse. Anayambira ku Ulongwe, napita ku Tete, ku Beira, ku Nampula, mpaka anaoloka malire pa Kalomwe kukasewera ku Malawi. Ku ekipa ya dziko anaitanidwa kamodzi kokha, nalowa m'bwalo masewero atatsala pang'ono kutha. Ine, mphunzitsi wa pa sekundariya, ndinkaona kuti mwamuna wamkulu wothamanga ndi kabudula akuchititsa manyazi banja.

Atamwalira, achibale anandisankha kuti ndiwerenge mbiri yake pa manda ku Domwe, popeza ndine wophunzira. Ndinaimirira mowongoka, ndinakonza magalasi, ndipo ndinanena kuti malemu anagwira ntchito zosiyanasiyana m'mizinda ingapo. Mawu oti mpira sanatuluke m'kamwa mwanga. Ndinakondwera nako ngakhale kasanjidwe ka chiganizocho.

Kumbuyo kwa khamu kunaima bambo wina wotsimphina, amene anasewera ndi Armando ku Beira. Anali atagwira malaya a ekipa ya dziko amene Armando anawasungitsa, kudikira kuti ndikatchula mpira awayale pa bokosi. Anadikira mpaka dothi linatseka manda.

Pobwerera kumudzi anandiyandikira, navula chipewa.

"Apulofesora, mwawerenga bwino," anatero. "Koma munthu amene mwamuika uja, ine sindikumudziwa."

Ndinawayankha kuti nthawi inali yochepa. Linali bodza, pakuti abusa anali atandiuza kuti ndisafulumire. Bambowo anapinda malayawo mosamala, nawalowetsa m'jekete, napita kumsewu kukadikira minibasi ya chapa.